Kodi magemu apafoni angapangitse ophunzira a yunivesite kusiya kudana ndi akaunti?

Funsoli lachokera kwa mayi wina wa ku Nchalo, amaphunzitsa akaunti ya chaka choyamba kwa ophunzira a yunivesite aja amaphunzira ali kwawo nkumakumana ndi mphunzitsi Loweruka lokha. Akuti: "Ana anga akauntiyi amaiwopa ngati njoka, ambiri anaitenga poti ndi yokakamiza pa digiri yawo ya bizinesi, ndikangolemba debit ndi credit, mbali ziwiri zija za m'mabuku a ndalama, pa bolodi nkhope zonse zimagwa. Ndamva kuti kwina aphunzitsi akugwiritsa ntchito magemu apafoni ndi apakompyuta kuti ana aikonde. Zimathandizadi kapena nkutaya nthawi? Nanga kuno kwathu magetsi ovuta chonchi, bandulo yodula, ndingayambire pati?"

Achemwali, takhuta pofunsa. Nkhope zakugwazo ndikuzidziwa bwino, ndaziona zaka zambiri ndikuphunzitsa phunziro lomweli, inenso ndinali nayo nkhope yotero nditangochoka kwathu cha ku Ngabu kukayamba koleji kumtunda. Yankho langa nlakuti eya magemu amathandiza, koma osati gemu iliyonse, komanso sikuti imathandiza chifukwa choti ili pafoni ayi. Kukonda gemu nkwina, kukonda akaunti nkwina, anthu amazisokoneza ziwirizi, mwana atha kuseka ola lathunthu mkalasi mwanu akusewera, nkutuluka panja akunenabe kuti akaunti ndi mfiti.

Nde tisanafike pa gemu tiyambe tafunsa kuti chomwe akudana nachocho nchiyani kwenikweni, chifukwa mukapanda kudziwa nthenda mungogula mankhwala owala paketi. Ine ndikawafunsa paokha, ambiri amati "sir ine masamu anandikana kalekale". Koma akaunti ya chaka choyamba muli masamu anji? Kuphatikiza, kuchotsera, mwina ndi peresenti, basi. Mayi wogulitsa nsomba zouma pa Bangula amawerengera pamutu zovuta kuposa pamenepo, akuthamangitsa ntchentche ndi dzanja linalo, akupereka chenji osalakwitsa. Vuto si nambala. Vuto lalikulu ndi chilankhulo cha phunziroli, ndipo chosokoneza kwambiri chili mthumba mwawo momwemo: ndalama ikalowa ku banki foni imalira, meseji ikuti akaunti yanu yapatsidwa credit, mwana wakula akudziwa kuti credit ndi ndalama kulowa. Afike mkalasi inu mukumuuza kuti ndalama ikalowa timalemba ku debit. Amangoona ngati winawake akumunamiza. Chikhalirecho palibe akunama, banki ikulemba m'mabuku ake, ndalama yanu kwa iwo ndi ngongole yoti adzakubwezereni, nchifukwa chake ili ku credit, pomwe m'mabuku anu ndalama yomweyo ndi chuma chanu. Mwana akapanda kuuzidwa zimenezi sabata yoyamba amangoyamba kuloweza, ndipo woloweza akaunti amaida mpaka kalekale.

Chinanso ndi manyazi. Akaunti siibisa kulakwa, trial balance, ndandanda yoonetsa ngati za ku debit ndi za ku credit zikufanana, ikakana yakana, aliyense akuona, ndipo mkalasi mumakhala awiri atatu amene anaiphunzirako ku sekondale, amenewo amayankha funso musanamalize kulifunsa, otsalawo nkungoti basi izi nza anzathu. Onjezaniponso chithunzi chomwe ali nacho cha akauntanti, ena amaona munthu wosaseka wokhala mu ofesi ndi kakyuleta tsiku lonse, ena akangomva za mabuku a ndalama amakumbuka Cashgate ya 2013. Gemu yabwino ndi imene ikulimbana ndi zinthu zimenezi, mantha, manyazi, ndi kuona ngati phunziroli silikhudzana ndi moyo wawo. Gemu imene siikukhudza chilichonse mwa izi ndi zosangalatsa chabe.

Magemu amene mwamvawo ambiri ndi a mafunso. Wodziwika kwambiri ndi Kahoot, anaipanga ku Norway ndipo inayamba kupezeka mu 2013, mphunzitsi amalemba mafunso, funso limaoneka pa sikirini, ana amasankha yankho pafoni zawo mwa mayankho anayi amitundumitundu, wotchaya molondola komanso mwachangu amapeza mapointi ambiri, kenako maina a otsogola amaoneka onse akuona. Kalasi imadzukadi, sindikana, ngakhale masana a Okutobala aja malata akulira ndi dzuwa, ana amakuwa ngati ali ku mpira. Koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ine pa koleji ina imene ndinkaphunzitsako: ndinatengeka nayo gemu ya mafunsoyi, sabata iliyonse ndikuseweretsa, ndikuona ngati ndapeza mankhwala. Patapita masabata angapo mtsikana wina amene ankakhala kumbuyo kufupi ndi zenera anasiya kubwera tsiku la gemu, masiku ena onse akubwera. Nditamufunsa anandionetsa foni yake, sikirini yosweka pakona, netiweki ikuzungulira, akuti sir ine yankho ndimakhala ndikulidziwa koma pomwe foni yanga ikutsegula anzanga amakhala atayankha kale, nde ndizibwera kudzaona kuti ndine womaliza? Ndinachita manyazi ineyo. Gemu yanga imayeza foni, siimayeza mutu, ndipo amene ankapambana ndi omwe aja anaiphunzira kale ku sekondale, kutanthauza kuti ndinangotenga manyazi akale aja nkuwaika pa polojekita.

Sindikuti muitaye. Poyambira kalasi, mphindi khumi, kukumbutsana za sabata yatha, ndi yabwino, bola muchotse kapena muchepetse zopereka mapointi pa liwiro, muwaike m'magulu a anthu atatu anayi pafoni imodzi kuti azikangana kaye asanatchaye, ndipo azilowa ndi maina opeka. Komanso funso likalakwidwa ndi anthu ambiri imani pomwepo, musathamangire lotsatira, pamenepo mpomwe pali phunziro. Pali inanso yotchedwa Plickers imene kwathu kuno imagwira bwino, ana safuna foni nkomwe, aliyense mumampatsa kakhadi kopirinta kokhala ndi mbali zinayi A B C D, amakakweza motembenuza malinga ndi yankho lake, inu nkuwajambula onse ndi kamera ya foni yanu, foni nkukuuzani kuti angati akhoza. Mnzake sangadziwe kuti wayankha chiyani chifukwa makhadiwo ndi osiyana. Wamanyazi uja amayankha nawo momasuka.

Koma magemu a mafunsowa amangothandiza kukumbukira, maganizo a mwana pa phunziro sawasuntha kwenikweni. Imene ndaona ikusintha mtima ndi gemu yomwe mwana amayendetsa geni yake nkumalemba yekha mabuku a geniyo, alakwitse, aluze ndalama yabodza, aseke, abwerere. Si nzeru yatsopano iyi. Aphunzitsi a akaunti ku America akhala akugwiritsa ntchito Monopoly kwa zaka zambiri, ophunzira akusewera kwinaku akulemba chilichonse chimene agula, lendi imene alandira ndi imene alipira, pomaliza nkutulutsa ma statement. Ndipo mukaiganizira bwino, akauntiyo inabadwira pamsika, Luca Pacioli amene anasindikiza kafotokozedwe ka kulemba mbali ziwiri ku Venice mu 1494 sanaipeke ayi, anangolemba momwe amalonda a kumeneko ankasungira kale mabuku awo. Ife ndi amene tinaichotsa pamsika nkuiika pa bolodi, nkuyamba ndi malamulo oloweza mwana asanagulitseko ngakhale chinthu chimodzi.

Nde inu musavutike ndi Monopoly ndi misewu ya London imene anawo sanaiponde. Pangani yanu ya kuchigwa konkuno. Ndikupatseni imene ine ndimaseweretsa, muisinthe momwe mungafunire, manambalawa ndi a mugemu chabe, osati mitengo ya pamsika lero.

Gulu lililonse ndi wogula mbuzi pa Ngabu nkukagulitsa ku Blantyre. Mumawapatsa mpamba wa K500,000. Inu ndinu msika, ndinu banki, ndinunso tsoka. Meseji yoyamba pa gulu la WhatsApp: mbuzi zikugulidwa pa K60,000 imodzi, mugula zingati? Tinene kuti gulu lina lagula zisanu, K300,000 yatuluka, mthumba mwatsala K200,000. Meseji yachiwiri: galimoto yokweza mbuzi kudutsa pa Thabwa kukwera zitunda zija ikufuna K40,000. Yatsala K160,000. Meseji yachitatu: mtauni mbuzi zikuyenda pa K90,000, awiri akugula pa kashi, ndipo pali wabutchala wina akufuna ziwiri koma akuti adzalipira mwezi ukatha, mumpatsa? Ambiri amampatsa, dyera. Agulitsa zinayi, K180,000 yalowa mmanja, K180,000 ina ili kwa wabutchala, mbuzi imodzi yatsala mkhola. Kenako mumangofunsa funso limodzi lokha: mwapindula kapena mwaluza?

Achemwali apa mpomwe pamakoma. Tsiku lina ndikuseweretsa, mnyamata wina wa ku Makhanga, amene semesita yonse sanatsegulepo pakamwa, anaimirira nkunena mokalipa kuti taluza ife, tinayamba ndi 500 pano tili ndi 340, phindu lake lili pati pamenepa? Mnzake wamkazi pagulu lomwelo akuti iwe nanga mbuzi ili mkholamo si ndalama? Nanga wabutchala uja? Mnyamata uja osagonja, akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, wabutchalayo ukumudziwa kwawo iwe? Kalasi yonse kuseka, koma akukangana zenizeni, ine ndangokhala pa desiki chete. Pomwe ankamaliza anali atalemba okha pa bolodi kuti zogulitsa ndi K360,000, mbuzi zinayi zimene zapitazo zinawadyera K240,000, thiransipoti K40,000, phindu K80,000. Mbali inayi, ndalama mmanja K340,000, ngongole ya wabutchala K180,000, mbuzi yotsala K60,000, zonse pamodzi K580,000, zomwe zikufanana ndendende ndi mpamba wa K500,000 kuphatikiza phindu la K80,000. Mnyamata uja anayang'ana manambala awiriwo kwa nthawi, nkungoti "aaa, zakumana". Palibe amene anali atatchula mawu oti balance sheet. Ndinawauza pambuyo pake kuti chimene mwalembachi ndi chomwe mwakhala mukuchithawa pa peji 40 ya notsi zanu.

Ndipo onani kuti onse awiri ankanena zoona. Mtsikanayo amanena za phindu, mnyamatayo amanena za ndalama ya mmanja, kusiyana kwa ziwirizi ndi chimene chimagwetsa mabizinesi ambiri, munthu mabuku akuti wapindula koma alibe yogulira katundu wina. Phunziro limene pa bolodi limanditengera masabata awiri ana akuyasamula, pagemu linalowa mu mphindi makumi atatu, chifukwa ndalamayo ngakhale yabodza inali yawo.

Sabata yotsatira mumayamba kuponya makhadi a tsoka. Kwagwa maliro kumudzi, mwini geni watapa K50,000 mu ndalama za mbuzi. Afunseni, imeneyi ndi ndalama yowonongedwa pa bizinesi? Amakangananso, ena amati eya poti yatuluka, ena amati ayi mbuzi sizinapite ku maliro. Apa mwaphunzitsa drawings, ndalama imene mwini geni watapa kukagwiritsa ntchito pa zake, komanso mfundo ija yoti bizinesi ndi mwini wake ndi anthu awiri, mfundo imene kwathu kuno ndi yovuta kuimeza chifukwa thumba timalidziwa ndi limodzi. Khadi lina: wabutchala uja foni yake siikupezeka, anthu akuti anawolokera ku Mozambique. K180,000 ija itani m'mabuku? Mnyamata wa ku Makhanga uja tsiku limenelo anayenda ngati mfumu. Khadi lina: madzi asefukira, mbuzi yotsala ija yapita ndi Shire. Pa khadi limeneli samalani, ine ndinalichotsa kwa kanthawi namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023 chifukwa mkalasi munali ana amene anataya zenizeni, abale ndi nyumba zomwe, si zoseweretsa. Mutha kunena kuti yadwala yafa, phunziro lake ndi lomwelo. Kenako gulu ligule njinga yamoto yosakira mbuzi m'midzi, muwafunse kuti pakatha chaka njingayo idzakhalabe ya mtengo womwewo? Depreciation yalowa yokha. Atenge ngongole ku banki mkhonde pa chiwongoladzanja, alipire lendi ya khola ya miyezi itatu nthawi imodzi, mwafika pa zolipiriratu. Silabasi yonse ya semesita yoyamba imakwana mu khola la mbuzi limeneli. Ngati mbuzi zatopetsa sinthani, thonje, nzimbe, mpunga, nsomba, kaya shopu ya Airtel Money ndi Mpamba pa Dyeratu, imeneyi imaphunzitsa bwino kwambiri chifukwa ndalama ya mufoni ndi ya mkabati zimayenda mosinthana, ina ikakwera ina imatsika, kulemba mbali ziwiri kukuoneka ndi maso.

Mwina mukufunsa kuti nanga za digito zili pati apa, si pepala ndi choko izi? Zili pa zinthu ziwiri zimene foni imachita bwino kuposa ine ndi inu. Choyamba imayankha pompopompo. Mupange fayilo ya Excel kapena Google Sheets, gulu lililonse tsamba lake, mzere uliwonse alembe akaunti yolandira debit, akaunti yolandira credit ndi ndalama yake, pamwamba muikepo kabokosi kochotsera zonse za ku credit pa zonse za ku debit, kakhale kobiriwira ikakhala ziro, kofiira ikapanda kukhala ziro. Ndi fomyula imodzi ndi conditional formatting, ija imasintha mtundu wa kabokosi yokha, basi, madzulo amodzi mwamaliza. Mwana akalemba mbali imodzi yokha kabokosi kamafiira, iye yekha akuona, palibe womuseka, amakonza, kabiriwira. Pa pepala akanadikira sabata yathunthu kuti inu muchonge, pomwe mukumubwezera waiwala kale chomwe ankaganiza. Muwachenjeze chabe kuti kubiriwira sikutanthauza kuti zonse zili bwino, atha kulemba thiransipoti ku akaunti ya mbuzi kabokosi nkubiriwirabe, ndipo pamenepo mwapeza poyambira phunziro la zolakwika zimene trial balance siizigwira. Chachiwiri, foni imapitiriza gemu mkati mwa sabata. Inu mumawaona Loweruka lokha, masiku asanu ndi limodzi enawo akaunti imafa, koma mukamaponya khadi limodzi Lachiwiri madzulo, lina Lachinayi, gulu limayaka, amakangana usiku wonse, ena pa Chisena ena pa Chimang'anja, asiyeni, bola polemba m'mabuku alembe m'mawu a pa mayeso.

Ngati yunivesite yanu ili ndi Moodle, pulogalamu yophunzirira pa intaneti, funsani a ICT ngati muli kachipangizo kotchedwa H5P, imakulolani kupanga nkhani yokhala ndi mphambano, mwana akasankha kukongoza wabutchala nkhani imapita kwina, akakana imapita kwina. Ndi yabwino koma musayambire pamenepo, imadya nthawi yokonza.

Za magetsi ndi bandulo ndinene mosapsatira: gemu iliyonse yofuna kuti anthu makumi anayi akhale pa intaneti nthawi imodzi mu chipinda chimodzi idzakuchititsani manyazi tsiku lina. Tonse tikukumbuka mmene zinalili namondwe Ana atawononga siteshoni ya magetsi ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linakhala mu mdima wosinthana kwa miyezi yambirimbiri, ndipo siteshoniyo ili kwathu konkuno ku Chikwawa. Nde pangani gemu imene siifa magetsi akathima. Meseji ya mawu okha pa WhatsApp imadutsa ngakhale netiweki ili ndi kandodo kamodzi, ndipo ambiri amakwanitsa kabandulo ka WhatsApp kokha. Fayilo ya Excel aitsitse kamodzi, azigwira popanda intaneti, azikutumizirani chithunzi cha sikirini. Foni imodzi pa gulu ndi yokwanira, koma muzisinthasintha wogwira foniyo sabata iliyonse, apo ayi mwini foni amasanduka akauntanti wa gulu enawo nkukhala oonerera, ndipo kawirikawiri oonererawo amakhala atsikana ndi aja ochokera kutali. Makhadi a tsoka mukhale nawonso opirinta mchikwama. Musagule pulogalamu yodula ya kunja musanayese izi, zambiri zimalipiritsa pa mutu wa wophunzira aliyense mu madola, ndipo zitsanzo zake ndi za makampani amene mwana wa ku Bereu sangawaone ngakhale kumaloto.

Chimene aphunzitsi ambiri amadumpha, ndipo ndi chomwe chimapha zonse, ndi kukambirana gemu ikatha. Belu likulira, ana akutuluka akuseka, mphunzitsi akuti zayenda. Sizinayende. Siyani mphindi khumi ndi zisanu kapena makumi awiri zomaliza, foni zonse pansi, mufunse gulu lililonse kuti munalakwitsa pati, munazindikira bwanji, chimene mwachitachi m'buku chimatchedwa chiyani. Kenako muwapatse funso limodzi la mtundu wa pa mayeso, la Chingerezi chouma chija, lofanana ndi zomwe angosewera, aone okha kuti trade receivables ndi wabutchala uja, inventory ndi mbuzi ya mkhola. Mlatho umenewu ukapanda kumangidwa mwana amakhala katswiri wa mbuzi koma pa mayeso nkulephera, kenako amadana ndi akaunti kuposa poyamba, amati munatinamiza kuti ndi zophweka.

Pa nkhani ya malikisi, musapereke malikisi chifukwa choti gulu lapeza phindu lalikulu mugemu, chifukwa mbali ina ndi mwayi wa makhadi, komanso akangodziwa kuti phindu ndi malikisi amayamba kuphika mabuku, ndipo sitikufuna kuphunzitsa zimenezo. Perekani pang'ono chabe, pa kulondola kwa mabuku ndi kufotokoza. Gulu limene lagwa bizinesi koma mabuku ake akuonetsa bwinobwino mmene linagwera lipeze zambiri kuposa lolemera la mabuku osokonekera. Inenso ndimaponyamo khadi limodzi la mayesero: wogula wina akuti mulembe risiti ya K120,000 pomwe walipira K90,000, yapamwambayo mugawana. Sindinena kanthu, ndimangoona. Sabata yotsatira magulu amasinthana mabuku kuti afufuzane ngati ma auditor, ogwidwa amalipira chindapusa mugemu. Kukambirana kumene kumatsatira pamenepo kumaposa lekicha iliyonse ya ethics imene ndinaperekapo. Ndalama zenizeni zisalowemo olo K100, anyamata ambiri masiku ano ali kale ndi vuto la kubetcha pafoni, gemu yanu isanunkhe zimenezo. Ndipo poti ena adzangokopera khadi nkulipereka kwa ChatGPT, muzisankha munthu mwachisawawa Loweruka kuti afotokoze pakamwa chifukwa chimene gulu lake linalembera momwe linalembera.

Mudzadziwa bwanji kuti maganizo asinthadi? Musadalire phokoso la mkalasi, chatsopano chilichonse chimasangalatsa masabata oyamba, ngakhale mutabweretsa wailesi. Sabata yoyamba, gemu isanayambe, apatseni kapepala kopanda dzina ka mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi, ayankhe kuyambira 1 mpaka 5: akaunti imandiopsa, ndikhoza kuimvetsa nditalimbikira, idzandithandiza pa moyo wanga, ndikanakhala ndi ufulu ndikanaisiya, zoterozo. Mufunsenso zomwezo pakati pa semesita, ndiponso patatha mwezi gemu itatha, kachitatu aka ndi kamene kamanena zoona. Musafunse kuti gemu mwaikonda, adzati eya onse pofuna kukusangalatsani. Koposa mapepalawo yang'anani zochita: kodi asayinimenti imene ilibe gemu akuilemba? Kodi aja akumbuyo ayamba kufunsa mafunso? Alipo amene wabwera kudzafunsa za mayeso a ukatswiri wa akaunti a ICAM kapena ACCA osatumidwa? Mmodzi akangobwera nkuti madam ndayamba kulemba mabuku a grosale ya mayi anga, tandionereni, dziwani kuti chinachake chasuntha.

Ndisakunamizeni, pali zina gemu siingathe. Siingalowe mmalo mwa kukhala pansi nkulemba mafunso ambirimbiri mpaka dzanja lizolowere, mayeso a akaunti amafuna zimenezo ndipo palibe njira yachidule. Komanso alipo ana ena, makamaka akuluakulu amene akugwira kale ntchito ku esiteti kapena ku boma, amaona ngati mukuwachepsa mukatchula gemu, awa muziwauza kuti ndi kuyeserera bizinesi, ndipo muwapatse udindo wa banki kapena wa auditor, amaugwira mwamphamvu zedi. Gemu itenge mwina gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi yanu, osapitirira.

Ndipo poti muli pa Nchalo, muli ndi mwayi umene mphunzitsi wa mtauni alibe. Illovo ili pakhomo panu, alimi a nzimbe a ku Kasinthula ndi a kopaletivu ya Phata ali pafupi, ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme ikubwera ndi magulu a alimi amene onse adzafuna wina wowasungira mabuku. Gemu ikafika kumapeto itanani munthu mmodzi amene amasungadi mabuku a gulu la alimi, ngakhale msungichuma wa banki mkhonde wa kumpingo kwanu, abwere ndi kope lake lenileni atabisa maina, ana aone kuti mizere imene akhala akusewera nayo ndi yomweyo imene imagamula kuti mlimi alandira zingati pogawana.

Loweruka likubwerali musayambe ndi zambiri. Magulu a anthu anayi, mpamba wa K500,000, mameseji atatu aja a mbuzi, funso limodzi lija, ndipo mudziletse kuyankha ngakhale akuyang'aneni ndi maso achisoni, muwasiye akangane mpaka manambala akumane okha. Kabokosi kofiira ndi kobiriwira mudzakabweretse sabata yachiwiri, wabutchala athawe sabata yachitatu.